Maina a m'foni mwanga ndi madzi a Ruo

Kumapeto kwa hadikava yomwe ndinkalembamo makilogalamu a thonje, zaka zomwe ndinali kalaliki pa sikelo ku Ngabu, kuli masamba atatu osakhudza thonje. Kumanzere ndinalemba zaka kuyambira 2006, kumanja manambala: 31, 74, 118, mpaka 1,140 wa chaka cha 2024. Amenewo ndi maina omwe anali m'foni mwanga pa 31 Disembala chaka chilichonse. Poyamba sindinkaganiza zakuya ayi. Munthu wozolowera kuwerenga mabelo madzulo aliwonse amangopezeka akuwerenga chilichonse chomwe chili pafupi, ndipo foni yanga yoyamba, Nokia 1100 yomwe ndinagula ku Limbe nditalandira ndalama za nyengo ya thonje, inkaonetsa kuti maina alimo angati. Ndinalemba 31, n'kutseka bukulo. Chaka chotsatira ndinakumbukira, n'kulembanso. Lero ndikatsegula masamba amenewo ndimaonamo chigwa chathu chonse: zaka za madzi, zaka za njala, anyamata omwe anapita ku Joni, ndi anthu omwe tinaika m'manda.

Maina 31 oyamba aja ankandifikitsa kwa anthu ambiri kuposa momwe 1,140 akuchitira lero. Nthawi imeneyo foni inali ya anthu owerengeka, ndipo nambala imodzi inkaimira mudzi wonse. Ndinali ndi nambala ya aphunzitsi aakulu a kwathu ku Makhanga. Ukaimba unkati, "Aphunzitsi, pepani ndakuvutitsani, mutume mwana akauze amayi kuti ndiimbanso 4 koloko," mwana n'kuthamanga, amayi n'kuvala chitenje chabwino kukadikira foni pakhonde la aphunzitsi. Ndinali ndi nambala ya mwini golosale ku Chiromo, ya katekisiti wa ku Muona, ya dalaivala wa matola pamsewu wa Thabwa. Aliyense wa iwowa ankanyamula mauthenga a mabanja makumimakumi, ndipo palibe ankawalipira. Netiweki inkapezeka pa chulu china chake kuseri kwa msika, moti madzulo unkapeza azibambo atatu kapena anayi ataima pamenepo, foni ili m'mwamba. Zisanabwere zimenezi, uthenga wa maliro unkayenda pa njinga kapena tinkaumvera pa Mauthenga Achisoni pa wayilesi ya MBC, mwina malirowo ataikidwa kale. Choncho nambala ya aphunzitsi ija tinkaiona ngati mjigo wa pamudzi: uli pakhomo la munthu mmodzi koma amatunga ndi onse.

Kutsika koyamba kunachitika mu 2009. Chaka chimenecho manambala a foni za m'manja m'Malawi muno anatalikitsidwa. Oyamba ndi 08 anakhala 0888, oyamba ndi 09 anakhala 0999, ndipo aliyense ankayenera kukonza yekha maina ake, limodzi ndi limodzi. Ndinakhala mausiku atatu pa koloboyi ndikudina timabatani tija mpaka chala chachikulu chinatupa. Ntchitoyo inandikakamiza kuima pa dzina lililonse ndi kudzifunsa kuti kodi ameneyu ndi ndani. Pa maina 131, maina 27 sindinathe kuwaikira nkhope. Ena anali alimi omwe anandipatsa nambala pa sikelo kuti ndiwauze tsiku lomwe ndalama zibwere, ena tinangokumana m'basi. Awiri anali atamwalira. Ndinafufuta onsewo osamva kanthu mumtima, chifukwa ndinali ndidakali mnyamata ndipo kufufuta dzina ndinkakuona ngati kusesa pabwalo. Koma manambala omwe ndinawalemba ndi chala changa mausiku amenewo ndi omwe anakhazikika m'mutu, ndipo anadzandithandiza patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Pa 2011 ndi 2012 pali nambala yofanana, 250 ndi 250. Simu khadi inkatha kusunga maina okwana chomwecho basi, ndipo ine ndinkaopa kusunga m'foni momwemo poti mafoni ankabedwa ndi kuwonongeka kawirikawiri. Choncho kuti ndilowetse munthu watsopano ndinkayenera kutulutsa wina. Ndimazikumbukira bwino zaka ziwirizo chifukwa dzina lililonse linali ndi mtengo wake. Wina akati, "Sungani nambala yanga, achimwene," ndinkayamba ndaganiza kuti achoke ndani. Mndandanda wa zaka zimenezo ndi womwe unali woona kuposa yonse yomwe ndakhala nayo.

Apa n'kuti nditasiya za thonje. Mitengo inkakwera chaka china n'kugwa chaka chotsatira, alimi ambiri n'kuyamba kubwerera ku mapira, chitowe ndi chimanga cha kudimba. Ine ndinalowa geni ya nsomba zouma ndi mbuzi. Ndinkagula mlamba ndi mphende kwa asodzi a m'dambo la Elephant Marsh, mbuzi ku Bangula ndi ku Ngabu, n'kumakagulitsa ku Limbe. Maina a m'foni anasinthanso maonekedwe. M'malo mwa maina a makolo munadzaza "Mlamba Chiromo", "Mbuzi Ngabu wamfupi", "Lole Limbe", "Wabwato 1", "Wabwato 2", "Nthochi Thekerani". Mafoni olowa makhadi awiri atafika, munthu mmodzi anayamba kukhala ndi nambala ya Airtel ndi ya TNM, ndipo a m'malire, ku Marka ndi kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ankaonjezera ya ku Mozambique. Ndinaona kuti maina ndi anthu si chinthu chimodzi, ndiye ndinajambula mzere wachiwiri m'hadikava muja wolembamo anthu enieni. Pa 31 Disembala 2014 ndinalemba maina 437, anthu 305.

Patangotha masiku ochepa, m'sabata yachiwiri ya Januwale 2015, foni inalira madzulo. Anali "Nthochi Thekerani", bambo wina wa kumapiri a Thyolo yemwe tinkasinthana naye nsomba ndi nthochi. Sitinali pachibale, ndipo kwawo ndinali nditafikako kawiri kokha. Anati, "Achimwene, kuno mvula sikukata, ndipo Ruo sindinamuonepo chonchi chibadwire. Chotsani ana." Ndinauza mayi a kunyumba, tinanyamula ana atatu, mabulangete ndi thumba la ufa, n'kupita pamalo okwera. Ndinabwerera kukamasula mbuzi, ndipo pobwera madzi anali afika m'chiuno. Ndinapunthwa pa chitsa, foni yomwe inali m'thumba la malaya n'kupita. Ruo anali atasiya njira yake n'kulowa m'midzi ndi m'minda. Makhanga inasanduka chilumba, anthu anakhala m'mitengo ndi pa madenga kudikira mabwato ndi ndege za helikopita. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 agwidwa ndi ngozi, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 200,000 anasowa pokhala.

Hadikava inapulumuka chifukwa ndinali nditaisiya ku Bangula, m'kanyumba komwe ndinkasungira nsomba. Nditaitsegula ndinapeza nambala ija, 437, itandiyang'ana. Ndinkadziwa bwinobwino kuchuluka kwa zomwe ndataya, koma nambala ya foni ya munthu ngakhale mmodzi sindinailembemo. Ndinakhala pansi pa mtengo kumsasa wa Bangula ndi pensulo, n'kuyamba kukumba m'mutu. Ndinatulutsa manambala 9, ndipo 6 mwa iwo anali a mausiku a koloboyi aja a 2009. Mayi a kunyumba anatulutsa 14. Iwo analibe foni yawoyawo zaka zonsezo, ankabwereka yanga kapena ya anzawo n'kudina nambala kuchokera m'mutu, choncho ankasunga ya amayi awo, ya azichemwali awo, ya amayi a Mvano, ya mzamba, ngakhalenso ya mng'ono wanga yomwe ine ndinkasokoneza manambala awiri omalizira. Titachotsa ofanana tinatsala ndi 19. Moyo wathu wachiwiri tinauyambira pamenepo. Nambala ya bambo wa ku Thekerani sinali pa 19 amenewo, ndipo msewu utatseguka ndinakwera njinga ya kabaza mpaka kwawo kukathokoza ndi kukaitenganso.

Chodabwitsa n'chakuti pofika Disembala wa chaka chomwecho ndinalemba 386. Palibe chaka china chomwe maina anachuluka mofulumira chotere. Kumsasa ndinasankhidwa kukhala mlembi wa komiti poti ndinkadziwa kusunga mabuku, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto yoyera ankandisiyira nambala: a zaumoyo, a matenti, a chimanga, a zimbudzi, a ana, atolankhani, madalaivala awo. Foni inkalira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndinkadziona ngati munthu wodziwika. Pofika 2017, mwa maina pafupifupi 170 a nthawi ya msasa ija omwe ankayankha anali osapitirira 20. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo sindiwaimba mlandu anthu amenewo, chifukwa ambiri anali achinyamata olembedwa ntchito ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ntchito ikatha foni ya ofesi n'kubweza. Ena anagwira ntchito ndi mtima wonse, mpaka kugona nafe kumsasa komweko. Chomwe chimandiwawabe ndi cha bungwe lina lomwe linatilemba maina ndi manambala katatu konse, ulendo uliwonse n'kulonjeza kuti atiimbira za malata ndi simenti. Amayi okalamba ankachajitsa foni tsiku ndi tsiku ndi ndalama yomwe akanagulira mchere, kuopa kuti angaimbe foni itazima. Sanaimbe.

Nthawi yomweyo ndinaphunzira kuti nanenso ndine dzina m'foni ya wina. Tsiku lina mnyamata wa bungwe ankafuna kutsimikiza nambala yanga, n'kundionetsa foni yake. Anandisunga kuti "Kampu Bangula 14". Ndinamva kuwawa pang'ono, kenako ndinakumbukira "Wabwato 2" wa m'foni mwanga, bambo yemwe anaolotsa banja langa pa Mtayamoyo osatilipiritsa ngakhale tambala. Madzulo ake ndinapita kudooko kukawafunsa dzina lawo ndi la mfunda wawo, n'kukonza.

Mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, kutsatira kalembera wa zitupa za unzika yemwe anachitika mu 2017. Makhadi osalembetsa anatsekedwa. Kutauni mwina inali nkhani yongoima pamzere tsiku limodzi, koma kuno ambiri anagwa m'njira. Asodzi okhala m'kati mwa dambo miyezi ingapo osatuluka, agogo omwe makhadi awo anawagulira adzukulu pamsika, ndi anzathu a kutsidya ku Mozambique omwe ankagwiritsa ntchito netiweki ya kuno poti ndi yomwe inkawafikira bwino, onsewa manambala awo anangoti zii. Chaka chimenecho ndi pomwe ndinayamba mwambo womwe ndimachita mpaka lero. Sabata yomaliza ya Disembala ndimaflasha dzina lililonse lomwe sindinalankhule nalo chaka chonse. Ikaitana ndimadula msanga n'kuika kachizindikiro. Akandiuza kuti nambalayo sikupezeka ndimayesanso mawa lake ndi mkuja, poti kuno foni imatha kuzima masiku atatu chifukwa chosowa pochajira. Ikakanika katatu ndimafunsa kwa anthu omudziwa munthuyo ndisanafufute. Chaka chimenecho ndinatsika kuchoka pa 402 kufika pa 290. Ena mwa omwe ndimawaflasha amaimba okha kufunsa ngati kwagwa zovuta, ndipo pamenepo timacheza, n'kudziwa kuti mwana wawo anakwatiwa, kapena kuti anasamukira ku Nchalo kukadula nzimbe.

Muli mzere wina m'hadikavamo womwe ndimauyang'ana mtima uli pawiri, wa manambala oyamba ndi +27. Mu 2012 analipo awiri. Mu 2024 ndinawerenga 41. Ndi ana a achemwali anga, ana a anzanga, anyamata omwe ndinkawaona akusewera mpira wachikulunga pabwalo la sukulu. Amakwera basi kudzera ku Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka kuoloka pa Beitbridge, ena ku Johannesburg, ena ku Durban, ena ku Cape Town. Nyumba zambiri za njerwa zootcha ndi malata zomwe zamangidwa kumtunda pambuyo pa madzi zamangidwa ndi ndalama zawo, zimenezo palibe angatsutse. Koma manambala amenewa sakhalitsa. Mnyamata amasintha nambala kawiri pa chaka, foni yabedwa, wasamuka, wagwidwa. Akasowa pa WhatsApp miyezi iwiri mayi ake amabwera kwa ine atagwira kapepala, "Alamu, tayesani inu, mwina kwa inu ilowa." Ndipo nthawi ya dimba ikafika, madzi ataphwa, ukayang'ana olima m'mphepete mwa Shire ndi azimayi ndi madoda a msinkhu wanga.

Foni yamakono ndinagula mu 2019, namondwe wa Idai atangodutsa. Mwana wanga wamkazi anandikonzera kuti maina azisungidwa pa intaneti, kuti ngakhale foni itagweranso m'madzi ndidzawapeze onse m'foni ina. Ndinathokoza kwambiri poti ndinkadziwa ululu wa 2015. Koma kuyambira pamenepo nambala ya kumanja ija inasiya kundiuza zoona. Imangokwera: 520, 700, 870, 1,140. Aliyense wonditumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, aliyense wofunsa mtengo wa mbuzi kamodzi kokha, amalowa n'kukhaliratu. Kale madzi, mbava ndi kuchepa kwa malo zinkandisesera mndandanda ndisanafune. Pano palibe chimachoka pokhapokha nditachichotsa ndi chala changa, ndipo maina omwe akufunika kuchoka zaka zimenezi ambiri ndi a anthu omwalira: a matenda a Covid mu 2021, a kolera ya 2022 ndi 2023, a madzi. Chala chomwe chinafufuta maina 27 m'mausiku atatu mu 2009 pano chimaima pa dzina limodzi mpaka ndithimitse foni.

Mzere womwe ndimausamala kuposa yonse ndi waung'ono, ndipo ndinauyamba nditabwera kuchokera ku Thekerani kuja. Pamwamba pake ndinalemba kuti "Akumtunda". Amene sakhala kuno sadziwa kuti madzi omwe amatimiza kawirikawiri si mvula ya kwathu. Chigwa chino ndi chotentha, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula yathu ndi yochepa, zaka zina chimanga chimauma chisanamasule. Madzi amachokera ku mapiri. Ruo amayambira pa phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza amatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'dambo ndi m'midzi. Mtsinje wa Mwanza umatsika ndi madzi a kumtunda kwake, timitsinje ta m'mapiri a Thyolo n'kumagwera ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Kumwamba kuno kutha kukhala nyenyezi zokhazokha pamene madzi ali m'njira. Choncho munthu wa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Blantyre kapena ku Mwanza yemwe angakumbukire kukuimbira mvula ikanyanya kwawo amakupatsa maola angapo, ndipo maola amenewo ndi okwanira kusamutsa ana, agogo ndi ziweto. Machenjezo a zanyengo pa wayilesi ndi mauthenga a boma amathandiza, ndipo makomiti a m'midzi pano ali ndi zoyezera madzi ndi zokuzira mawu. Koma anthu amanyamuka msanga akamva mawu a munthu yemwe amamudziwa akunena kuti waona mtsinje ndi maso ake. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana asanaononge damu la Kapichira ndi kutisiya mu mdima, foni zitatu za anthu amenewa zinali zitandipeza kale. Pa maina onse a m'foni mwanga nthawi imeneyo, akumtunda anga anali 7.

Woyamba pa mzerewo anali mng'ono wanga. Iye anachoka kuno mu 2015 momwemo, atataya nyumba ndi dimba, n'kunena kuti sadzagonanso malo omwe madzi angamupeze. Anapeza ntchito ya ulonda ku Blantyre, n'kuchita lendi kanyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula ikagwa usiku wonse kumeneko sankalephera kuimba, ngakhale atakhala ndi mayunitsi a mphindi imodzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, anaimba madzulo. Mawu ankamveka movutikira chifukwa cha mvula pa malata. Anati, "Achimwene, kuno yanyanya, zonsezi zikubwera kwanuko. Musagone m'nyumba, akulu, tengani amayi mupite kusukulu." Tinapita. Madzi anabweradi, anatenga minda, milatho ndi misewu, koma a banja lathu kuchigwa kuno tonse tinapulumuka. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Mkazi wake ndi mwana wawo wamwamuna anali ku Ndirande kwa achibale. Iye anali m'nyumba. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, kuphatikizapo omwe sanapezeke, ndipo mng'ono wanga anapezeka patapita masiku atatu. Anaikidwa konko ku Blantyre ine kulibe, chifukwa msewu unali utaduka.

Disembala wa 2023 nditafika pa dzina lake sindinaflashe, ndinangodumpha. Koma masiku ena, ndikakhala ndekha kudooko kudikira nsomba, ndinkaimba kuti ndingomva uthenga uja wakuti nambalayi sikupezeka pakadali pano. Mawu akuti pakadali pano ankandikhazika mtima pansi mwa njira yomwe sindingathe kuifotokoza bwino. Tsiku lina chaka chotsatira inaitana. Ndinaimirira, miyendo ikunjenjemera. Anayankha mtsikana, mawu ake a kumpoto, kumbuyo kukumveka ana akusewera. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imaipereka kwa munthu wina, zimenezo ndinkazidziwa kale, poti zinandichitikirapo ndi makasitomala. Ndinapepesa n'kumufotokozera kuti nambalayo inali ya m'bale wanga yemwe anatisiya. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Pepani bambo, Mulungu akutonthozeni." Anandiuzanso kuti pali amayi ena okalamba omwe amaimba kawirikawiri osalankhula kanthu, n'kudula. Ndinadziwa kuti ndi amayi athu.

Ndinakafunsa kwa amalume kuti ndichite bwanji. Iwo foni saikonda, koma nkhaniyo anaimvetsa msanga. Anati munthu sachotsedwa pakhomo tsiku la maliro, pali kumeta, pali kugawa zovala, pali chiliza, chilichonse ndi nthawi yake, ndiye nambalayonso idikire nthawi yake. Tinasonkha ndalama, anyamata a +27 aja anatumiza gawo lalikulu, ndipo mu Ogasiti 2024 tinakwera ku Blantyre ndi amayi kukamanga chiliza. Mwambo utatha ndinakhala pambali pa manda, ndinatulutsa hadikava, n'kulemba nambala yake yonse ndi bolopeni pansi pa chaka cha 2023. Aka kanali koyamba kulemba nambala ya foni ya munthu m'bukumo. Kenako ndinaifufuta m'foni mwanga. Amayi anandipatsa kafoni kawo osalankhula, n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndinafufutanso mmenemo. Kuyambira tsiku limenelo ndabwerera m'mbuyo n'kuchita chimodzimodzi ndi ena onse omwe ndinkawadumpha. Tsamba la omwalira lili ndi manambala 23, lililonse ndi dzina lake lenileni, mudzi wake ndi chaka.

Ana anga atatu ndawaloweza pamtima manambala asanu aliyense, ndipo nthawi zina tikamadya nsima madzulo ndimawafunsa mwadzidzidzi ngati mayeso a sukulu. Wamng'ono amadandaula kuti zonse zili kale pa intaneti. Mayi ake amangomuyang'ana, n'kutchula nambala ya agogo ake kuyambira koyamba mpaka kumapeto osapuma.

Pa 31 Disembala 2024 ndinalemba maina 1,140, anthu omwe ndinalankhula nawo m'chakacho 212, a +27 41, akumtunda 6. Bambo wa ku Thekerani adakalipo, ngakhale nthochi zinatha ndi matenda a chisaka ndipo pano amalima chinangwa. Wa ku Muloza alipo, wa ku Mwanza alipo, dalaivala wa lole ya ku Limbe alipo. Onse ndinawaimbira, osati kuflasha, ndipo aliyense ndinamutumizira kamtolo ka mlamba wouma monga ndimachitira chaka ndi chaka. Malo a ku Blantyre okha ndi omwe anali opanda munthu, ndipo sindinafune kupempha aliyense kuti alowe pamenepo.

Mu Januwale, usiku wina cha m'ma 9 koloko, kunja kuli nyenyezi ndi udzudzu, foni inalira. Nambala yake sindinkaidziwa. Anali mwana wa mng'ono wanga, yemwe pano ali Fomu 2 ndipo amakhala ndi mayi ake ku Ndirande. Anabwereka foni ya mnzake. Anati, "Bambo aakulu, kuno yagwa kuyambira m'mawa, mtsinje wa Nasolo wadzaza. Adadi ankati ikagwa chonchi tizikuuzani." Ndinamufunsa ngati nyumba yawo ili pabwino, anati ili pabwino, ali kutali ndi mtsinje. Ndinamuuza kuti apereke moni kwa mayi ake, ndipo Loweruka ndidzatumiza ndalama agule simu khadi yakeyake. Nditadula ndinadzutsa mayi a kunyumba, ndinatenga tochi, n'kutsetsereka kukaona pomwe madzi afika pa mtengo wathu woyezera.